Makiyi a Limba pa Thandala la Usipa

Kalata ya Kalisto inafika ku Nkope Lolemba, mvula ya Febuluwale ili pachimake. A Rosemary anaiwerenga ali chiimire. Mwana wawo, yemwe anapita ku Ulaya kukaphunzira kuimba limba zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, amabwera Loweruka.

"Amayi, masiku ano ndimaimba pa malimba akale okhaokha," inatero kalatayo. "Nyimbo zanga zinapekedwa zaka zoposa zana zapitazo, ndipo zimakoma pa limba la msinkhu wake. Ndikufuna kudzaimba pa lathu lija linabwera pa sitima ndi amishoni. Musalikhudze."

Musalikhudze! Chimwalirire bambo ake a Kalisto, limbalo linangosanduka thebulo la mabeseni. Chomwe a Rosemary anachita n'kuika miyendo yake m'zitini za oyilo kuti chiswe chisakwere, basi. Atalidina, makiyi asanu ndi anayi analowa osadzukanso. Mwana ayende mtunda wonsewo n'kudzapeza mayi wake ataliwononga? Angadzabwerenso ameneyo?

A Gilford, atcheyamani a chipani, anali atauza kale anthu kuti adzasonkhane kusukulu kudzamvera Kalisto akuimba.

"Mayi, tingothira girizi," anatero.

"Girizi kathireni njinga yanu."

A Rosemary anatsetsereka kugombe kwa a Jaffalie, okhoma maboti.

"Che Jaffalie, limba mumalidziwa?"

"Ine wa kumzikiti ndingalidziwire kuti? Ndi lamtengo?"

"Lamtengo."

"Tiyeni."

A Jaffalie analitsegula, kununkhiza, kugogoda. "Lamwa chinyezi ili. Thabwa likafufuma sitipala, mama. Mukapala lero, chilimwe lizidzagwedera. Timaumitsa."

Anazula makiyi onse mmodzimmodzi, kulembapo manambala ndi pensulo, n'kukawayala pa thandala loyanikapo usipa, atawafunditsa chitenje kuti dzuwa lisawapinde. Masiku atatu a Rosemary ndi a Asiatu, akazi awo a Jaffalie, maso anali kumwamba. Mtambo ukangoda, liwiro, makiyi m'lichero, m'nyumba. Kukayera, kubwezanso. A Asiatu anasiya nsomba zawo m'mabeseni kuti matabwa a eni apeze malo, osadandaula ngakhale kamodzi.

Loweruka, a Jaffalie atabwezera makiyi m'malo mwake, amuna asanu ndi mmodzi ananyamulira limba kusukulu. Kalisto anafika mutu uli mabalamabala: a pabwalo la ndege anamumeta tsitsi lake lalitali, poti lamulo la masiku amenewo silinkalola. Anakhala pampando, anayendetsa zala kuchokera uku mpaka uko, kenaka n'kuzinunkhiza.

"Amayi, limbali lakhala likudya usipa?"

"Imba iwe. Anthu adikira."

Anaimba. Mawu ake sanali aphokoso ngati a pa wailesi. Anali ofewa, olira chapansipansi ngati munthu amene wasowa mnzake, mwina n'kudzuka mwaukali, n'kugonanso. A Rosemary nyimbo sanaitsatire kwenikweni. Iwo ankangoyang'ana makiyi. Kiyi akalowa, adzuke. Kiyi akalowa, adzuke. Onse anadzuka.

Anthu akuomba m'manja, Kalisto anafunsa yemwe analikonza.

"Kumene ndiliko ambiri akanapala, n'kuliphera pomwepo. Ndani ameneyu?"

A Rosemary anamukokera kukhomo, komwe a Jaffalie ndi a Asiatu anaima osafuna kulowa.

"Gwadira awa. Ine nzeru zinali zitandithera."

Kalisto anagwada ndi suti yake pafumbi.

"Chaka chamawa ndibweranso ndi makina ojambulira mawu," anatero akudzuka.

A Rosemary anagwira dzanja la a Asiatu osalisiya.

"Udzabwere Okutobala, kulibe mvula. Miyendo yathuyi yakana liwiro lija."