Mwendo wa Jenet

Mwendo wa mkazi wanga Jenet utatupa, dera lathu lonse la Chibanja linaloza chala ine. Munali mu 1987, nyengo yachisanu, mwana wathu wachisanu akadali wakhanda. Ine ndinali kalaliki pasitolo ya zitsulo m'tauni, munthu wa ku Zomba wosadziwa ngakhale khomo la bala. Koma a Mildred, azakhali ake a Jenet, amene anabwera kudzathandiza za uchembere, atangogwira katumba wofiira wotenthayo, mlandu anagamuliratu.

"Uwu ndi mdulo," anatero. "Bambo Willard, mwayenda ndi mkazi wina. Ululani tikafune mankhwala, apo ayi Jenet wathuyu mumupha."

Kwathu amatero: mwamuna akachita chigololo, mkazi kapena mwana amatupa. Ndinakana mpaka mawu anasasa, koma wokana ndi wolakwa amamveka chimodzimodzi. Azimayi ankati ndikadutsa pampopi, macheza onse zii. Chinandiwawa koposa n'chakuti Jenet sananditeteze. Ankangolira, nkhope atalozetsa kukhoma, mwendo ukukulirakulira.

Tsiku lina mmawa analephera kuponda pansi. Mantha anandigwira, mkwiyo wonse unatha. Azakhali akulalata, ndinapempha galimoto ya kuntchito n'kumutengera kuchipatala.

Tinapeza namwino wamkulu, Mayi Winifred a ku Nkhata Bay, amene sankadziwa kuzungulira nkhani. Anayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi.

"Mama, apa magazi aundana mumtsempha. Very dangerous. Chibuluma ichi chikathawira kumapapo, basi, tilira. Pali mankhwala amene mukumwa?"

Jenet anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi. "Mapilitsi olera," anatero motsitsa. "Anandigawira a Catherine oyandikana nafe."

Anapatsirana pampanda, monga amapatsirana mchere! Masiku amenewo kusikelo ya kulera sankalandira mayi popanda chilolezo cha mwamuna wake, ndipo m'nyumba mwathu nkhani zotere sitinkazitchula. Jenet anali atatopa. Kubereka kunamufoola, ndipo kale akakhala kumwezi ankataya magazi ambiri mpaka chizungulire. Catherine anamuuza kuti mapilitsi amachepetsa zonsezo.

"Sananame," anatero Mayi Winifred. "Kweni thupi lili ndi ntchito ziwiri, kuundanitsa magazi ndi kuwasungunula. Mukakhala kumwezi chiberekero chimasungunula chomene, n'chifukwa chake mumataya ambiri. Mapilitsi amenewa amachepetsa, koma kwa amayi ena amakankhira magazi kukuundana, makamaka mukangochira kumene. N'chifukwa chake timayamba tamuyeza munthu. Mwafika bwino, tikubayani jekeseni, thupi lisungunula lokha pang'onopang'ono."

Namwino atatuluka tinatsala awiri. Ndinkaganiza kuti ndikalipa, poti dzina langa linali litagubuduzika m'matope. Koma nditamuyang'ana, ndinamva chisoni chokhachokha. Munthu uyu analolera kufa kusiyana n'kundipempha chinthu chimodzi.

"Abambo a Edson, mundikhululukire. Ndinkaopa."

"Leka zimenezo," ndinatero. "Chira kaye."

Anachiradi, ngakhale anagonako nthawi ndithu. Azakhali anamva zonse kuchokera kwa mwini wake. Kupepesa sanapepese, akuluakulu sapepesa mkamwini, koma kuyambira pamenepo madzi anga osamba ankakhala otentha kuposa a wina aliyense.

Tsiku lokasankha njira ina yolerera litafika, ndinapempha tchuthi n'kupita naye. Pabenchi ponse panali azimayi okhaokha ndi makanda awo, mwamuna ine ndekha, chipewa pabondo. Ankagwirana zigongono n'kumaseka.

"Dada, mwasochera? Kwa amuna ndi uko!" anatero wina.

Ndisanayankhe, Jenet amene ankaopa kutchula nkhaniyi ngakhale kuchipinda, anakweza mawu benchi yonse ikumva.

"Sanasochere. Ndi amuna anga awa, abwera nane kudzalera."