Mathanki Asanu a Kumanzere

Bambo anga sangamve chitsulo chikulira osachithira oyilo. Anakonza magalimoto zaka makumi anayi, ndipo popuma ntchito anasiya zonse ku galaja kupatula kachitini kawo ka oyilo kokhala ndi mlomo wautali. Chibwerereni kudzakhala nafe, zitseko za m'nyumba zinaleka kulira, wilibala imayenda ngati ikuzemba, ngakhale sizasi yanga imanunkha galaja. Zimenezi ndinkangoziseka mpaka Loweruka lija.

Ine ndi mwamuna wanga tili ndi bwalo la masewera owomberana ndi timipira ta penti, kutsidya kwa tauni. Mfuti zake zimawomba ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'mathanki aang'ono, aakulu ngati botolo la madzi akumwa. Kudzaza mathankiwo ndi ntchito ya mwamuna wanga. Anthu amamutchula kuti Chifatse, ndipo amene anamupatsa dzinalo sanalakwe: potsegula valavu ya mpweya amachita ngati akutsegula chitseko cha chipinda chimene mwagona khanda. Pakhoma la shedi yodzazira analembapo ndi penti yofiira kuti oyilo kapena girisi asayandikire kamlomo kolowera mpweya. Oyilo akakumana ndi mpweya wolowa mwaliwiro amayaka, ndipo thankiyo imaphulikira m'manja mwa woidzazayo. Koma bambo anali asanapondemo m'shedimo.

Tsiku limenelo tinkayembekeza gulu lalikulu la anthu a ku ofesi ina, teni koloko. Mathanki khumi anagona kunyumba m'kireti, chifukwa Chifatse anabwera nawo kudzawaunika ngati ali ndi ming'alu. M'mawa ndinamupeza akupukutabe magalasi ake pang'onopang'ono, mtima wanga n'kukwera. Ndinamuuza kuti lero chifatse chakecho achisiye pakhomo, kuti amuna anzake amadzaza thanki m'kuphethira kwa diso pomwe iye amakhala ngati akuipempherera, ndiponso kuti anthu akadikira pageti ine ndimene ndimachita manyazi. Iye ananyamula kireti ija, n'kuikweza m'galimoto yantchito, n'kumapita.

Patapita mphindi makumi awiri, bambo anatuluka m'chipinda chawo akumwetulira, nati mkamwini wawo lero ntchito imuyendera. Anati atadzuka m'mamawa anayesa timilomo ta mathanki aja, napeza kuti tina tinali touma kwambiri, ndiye anatifewetsako.

"Mwatifewetsa ndi chiyani, bambo?"

Anasisita thumba la malaya momwe mumakhala kachitini kaja.

"Asanu okha, mwanangu. Kadontho kamodzikamodzi."

Kapu imene ndinagwira sindikudziwa kumene ndinaiika. Ndinaimbira Chifatse. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, n'kuimbanso, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti akamadzaza mathanki foni amaisiya m'galimoto, makutu n'kuwatseka ndi zotchingira phokoso la kompulesa. Pabwalopo panalibe munthu wina, chifukwa antchito athu amafika teni koloko yomweyo.

Ndinatenga makiyi a kagalimoto kanga. Bambo ananditsatira atavala masilipasi, akufunsa kuti chalakwika n'chiyani. Ndinawafotokozera tili pamsewu, mokalipa, mawu akutuluka osalongosoka. Ndinkayembekeza kuti atsutsa monga amachitira pa chilichonse chokhudza zitsulo. Koma analankhula motsitsa ngati akudziuza okha.

"Ngati injini ya dizilo. Siifuna moto, imangofuna mafuta ndi mpweya wopanikizidwa."

Zaka makumi anayi akuphunzitsa anthu zimenezi, lero anali atazichita okha pa chinthu chimene mkamwini wawo amachigwirira pafupi ndi chifuwa. Chisoni ndinalibe nthawi nacho.

Titadutsa pamphambano yachiwiri anayesa kundilimbitsa mtima. Anati othiridwa oyilowo anawandandika mzere wa kumanzere kwa kireti, ndiye popeza munthu aliyense amayambira kumanja, Chifatse akhala akadali pa abwinowo.

"Bambo, mwamuna wanga ndi wamanzere. Zaka zonsezi mukudya naye patebulo limodzi simunaone?"

Ine ndinapitiriza, chifukwa mantha anali atandimasula pakamwa. Ndinawauza kuti palibe anawapempha, kuti si chilichonse m'dziko muno chili galimoto, kuti ngati ndikhale wamasiye lero adzawafotokozera okha adzukulu awo. Mawu amenewo ndimawakumbukirabe, ndipo amandiwawa. Koma chimene chinkandidya kwenikweni sindinachitchule. Oyilo uja amayaka mpweya ukalowa mothamanga, ndipo amene anauza Chifatse kuti athamange ndinali ine.

Pafupi ndi mlatho tinapeza lole itafa pakati pamsewu, magalimoto atandandana mpaka kumene maso amalekezera. Ndinaliza hutala ngati wamisala, woyendetsa wa kutsogolo n'kungotulutsa dzanja pawindo kundifunsa ngati ndili ndi mapiko. Ndinaimbanso foni. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, lakuti kompulesa ikane kulira, magetsi azime, tayala liphwe, chilichonse. Kenako ndinasiyira bambo makiyi, ndinavula nsapato, n'kuyamba kuthamanga.

Kuchokera pamlatho kukafika pabwalo ndi mtunda umene sindinauyendepo wapansi. Ndinadutsa pakati pa magalimoto, ndinagunda munthu wonyamula matabwa osapepesa, miyala ikundibaya kumapazi. Khutu langa lonse linali kutsogolo. Chitseko cha lole chikamenyetsedwa penapake, ndinkati basi, ndi chimenecho. Nditakhota pa ngodya yomaliza ndinamva kompulesa ikulira bwinobwino, ndipo sindinadziwe ngati ndisangalale kapena ndilire.

Kageti ka anthu oyenda pansi kanali kotsekula. Ndinadutsa pakati pa matayala akale ndi migolo yothimbirira penti imene osewera amabisalako, mpaka pakhomo la shedi. Chifatse anali atandifulatira, zotchingira zili m'makutu. Thanki inali kale papaipi, dzanja lake lamanzere lili pa valavu. Ndinakuwa koma sanamve. Ndinamugwira dzanjalo ndi manja anga onse awiri n'kulikokera kumbuyo mwamphamvu moti tonse tinagwera pa kireti.

Anavula zotchingira zija akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Mpweya unali utandithera, ndinangokwanitsa kunena kuti oyilo, bambo, mzere wa kumanzere. Anadzuka, nazimitsa kompulesa, nachotsa thanki ija papaipi. Anapisa kansalu koyera pakamlomo kake, kansaluko n'kutuluka ndi banga lachikasu. Anayang'ana pa benchi pomwe panali mathanki awiri odzaza kale, onse ochokera kumanzere. Anawanyamula imodziimodzi, atawatalikitsa ndi thupi, n'kukawaika kuseri kwa khoma la njerwa. Anati asanuwo sagwiranso ntchito mpaka akawaone amisiri ake.

Bambo anafika patapita nthawi, silipasi imodzi itaduka. Anagwira manja a mkamwini wawo, nawatembenuza uku ndi uku monga ankachitira ndi chitsulo chimene akuchikayikira, kenako anatulutsa kachitini kaja m'thumba n'kukaika panja pa shedi, patali ndi chitseko. Anakhala pa tayala, nkhope ili m'manja.

Ine ndinali ndikadali pansi. Ndinafunsa Chifatse kuti zatheka bwanji kuti awiri aja asaphulike. Anati mwina ndi mwayi chabe, mwinanso n'chifukwa anawadzaza mwachizolowezi chake, pang'onopang'ono, mpweya osatenthetsa chitsulo. Kenako analoza wotchi ya pakhoma, imene inali itakwana kota tu teni.

"Koma ndinaona kuti unanena zoona, mayi a ana, nthawi yatha. Yachitatuyi ndimati nditsegule valavu yonse kamodzi, kuti lero usachite manyazi."

Pageti basi ya anthu a ku ofesi aja inayamba kuliza hutala. Inaliza kawiri, katatu, ine osadzuka, nditagwiranso dzanja lake lamanzere.