Chithunzi cha Kondakitala

Mayi wina wosoka zovala anali akupukuta mwaye pamakina ake osokera pamene mlamu wake, dalaivala wa minibasi, analowa osaodira. Shopuyo inayang'anana ndi siteji, ndipo nsalu yoyera ikakhalitsa pawindo inkasanduka yotuwa.

Mlamuyo anafotokoza kuti khonsolo yaletsa minibasi zakale kulowa pakati pa mzinda chifukwa cha utsi, ndipo m'malo mwake kubwera mabasi akuluakulu oyendera magetsi. Madalaivala anali atakonza zionetsero. Iye ankafuna kuti patsogolo pakhale chithunzi cha mkulu wake, mwamuna wa mayiyu, yemwe anamwalira chaka chathacho atagwira ukondakitala kuyambira ali mnyamata.

"Achimwene ankadziwika siteji yonse," anatero. "Anthu akaona nkhope yawo adziwa kuti ntchitoyi ili ndi eni ake."

Mayiyo anakumbukira mwamuna wake akutsokomola mpaka kugwira khoma, makhololo akuda ngati makala. Munthu wosasuta fodya, koma dokotala ataona chithunzi cha m'chifuwa anafunsa kuti anayamba liti kusuta.

"Alamu, chinawapha achimwene anu n'chiyani?"

"Imfa ilibe odi."

"Iyi inaodira. Inkatulukira kumbuyo kwa galimoto yanu m'mawa uliwonse, iwo ataima pomwepo kuitanira anthu."

Dalaivalayo anayesa kuseka, nati ngati utsi ukupha ndiye kuti iyeyo ndi mzukwa. Kenako nkhope inagwa. Ananena motsitsa mawu kuti sadziwa ntchito ina, kuti kampani ya mabasi atsopanoyo ikufuna masatifiketi omwe iye alibe, ndipo pakhomo pake pali pakamwa pambiri.

"Chibale ndi fupa, alamu, sichiola. Musandikane pamaso pa anzanga."

Mayiyo anadziwa kuti munthuyo sakunama, ndipo anamumvera chisoni. Anamulonjeza kuti amusokera nsalu yolembapo madandaulo awo, yaikulu mmene angafunire, kwaulere. Koma chithunzi anakana.

"Pemphani kuti akulembeni ntchito pamabasiwo, ndidzayenda nanu limodzi. Koma achimwene anuwa asakapemphe nawo utsi. Anaumeza wokwanira."

Mlamuyo anatuluka osatsanzika.

M'mawa mwake minibasi yake, yomwe inkatenga ana a mayiyu kupita nawo kusukulu, inadutsa pakhomo osaima. Mayiyo anamanga zingwe za nsapato za wamng'ono, nagwira ana ake padzanja, n'kuuyamba wapansi.