Loto Langa Linadutsa pa Waya wa Mitwalli

Kuno ku Rashid dzuwa likafika paliwombo nyumba yonse imagona. Timatseka mawindo, fani imazungulira mwaulesi, kutali kumangomveka wogulitsa gasi akugogoda botolo lake ndi sipanala. Nthawi ngati imeneyo ndi pomwe mwana wanga Basyuni anabwera kudzandiona m'maloto.

Basyuni anakwera boti la asodzi lopita ku Italy pamodzi ndi anyamata ena a mumsewu mwathu, kuzizira kutangoyamba. Anati akafika aimba foni. Sanaimbe. Ena amati botilo linafika, ena amati ayi, ena amati anyamatawo ali m'ndende kwinakwake. Ine ndinasiya kufunsa. Ndinkangosoka madiresi a akwati n'kumadikira.

M'lotomo anaima m'khitchini mwathu atavala mkanjo woyera. Pansi panali madzi olekeza m'akakolo, oyera bwino, tinsomba tikusambira pakati pa miyendo ya mipando. Iye osadabwa n'komwe. Anati, "Amayi, buledi alipo?" Ndinam'patsa, anadya choimirira, khalidwe lomwe ndinkamukalipira nalo kuyambira ali mwana. Ndinadzuka dzanja langa lidakali m'mwamba.

Aliyense kwathu amadziwa kuti loto limatsata pakamwa poyamba kulimasulira. Lisanamasuliridwe limangoyandama, silinakhale labwino kapena loipa. Munthu woyamba akangoti "apa zikutanthauza chakuti," latera pomwepo, ndipo wachiwiri, kaya ndi wophunzira chotani, wachedwa. N'chifukwa chake sindinauze munthu. Ngakhale Afaf, mng'ono wanga, amene pakamwa pake sipadziwa kutseka.

Ndinkafuna pakamwa pa Hagga Inshirah a ku Tanta, mayi omasulira maloto amene saopseza munthu. Ali ndi tsamba lawo pa intaneti: umalemba loto, umalipira pang'ono, yankho limabwera mawa lake. Ndinalemba pa foni yanga ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, madzi, tinsomba, mkanjo, zonse. Pamwamba pa tsambalo panali timawu totuwa toti njirayo ndi yosatetezedwa. Timawu take tochepa ngati nyerere, ndani angatiwerenge mtima uli pa mwana?

Intaneti ya m'nyumba yathu yosanjikizanayi ndi ya Mitwalli, wa kashopu ka mafoni pansi pa masitepe. Amagula laini imodzi n'kugawira mabanja onse, mawaya ake amalendewera khonde ndi khonde.

M'mawa mwake ndinatsika kukagula ulusi. Mitwalli atandiona anaimirira, anazimitsa ndudu, n'kuika dzanja pachifuwa. Munthu amene sanaimirirepo chifukwa cha ine chibadwire.

"Amake Basyuni, pepani," anatero. "Mulungu akupatseni mtima wopirira."

"Wamva chiyani? Waimba ndani?"

"Ayi, palibe waimba. Koma nsalu yoyera ija... ndi madzi kulowa mpaka m'nyumba... malemu mayi anga ankati zikatero ndiye kuti nyanja yatenga, ndipo..."

"Tseka pakamwa!"

Ndinakuwa mpaka wogulitsa nyemba patsidya anagwetsa chipande. Koma anali atanena kale. Ndinamva lotolo likutera, ndinalimvadi. Ndinakhala pansi pa sitepe.

"Walidziwa bwanji, galu iwe? Unali pansi pa bedi langa?"

"Mayi, musanditukwane, ine ndimafuna kukupepesani ngati mnansi."

"Mnansi! Nyumba yako igwe! Ndati walidziwa bwanji?"

Anakanda m'khosi. "Zonse za m'nyumba muno zimadutsa pa kompyuta yanga. Masamba okhala ndi kachizindikiro ka loko pamwamba sindiona kanthu, ndimangoona zilembo zosokonekera, ngakhale nditafuna. Koma la Hagga wanuyo lilibe. Mawu anu anadutsa poyera ngati zovala zoyanika pakhonde. Maso anangogwerapo."

"Maso ako agwere m'chimbudzi," ndinatero, n'kukwera. Ulusi sindinagule.

Yankho la Hagga linabwera masana. Analemba kuti madzi oyera ndi moyo, nsomba ndi chakudya chimene Mulungu wam'konzera kutsidya, ndipo wakufa sapempha buledi kwa mayi ake n'kudya choimirira. Mawu okoma bwanji! Ndinawawerenga mpaka batire linatha. Akanafika oyamba ndikanagawa shuga mumsewu monse. Koma anafika achiwiri, ndipo ndinalira kuposa tsiku limene botilo linanyamuka.

Ndinaimba nambala ya pansi pa tsambalo. Anayankha Tahani, mwana wamkazi wa Hagga, amene amayendetsa zonse za kompyuta.

"Mwana wanga," ndinatero, "kodi mumagulitsa anyezi? Anthu amakupatsani zimene sauza ngakhale amuna awo, inu n'kusiya chitseko chapululu?"

Anayamba kufotokoza. Pali chiphaso, anati, chimene tsamba limayenera kukhala nacho. Chimatsimikiza kuti tsambalo ndi lawodi, osati la wonyenga wovala dzina lawo, ndipo ndi chomwecho chimene chimachititsa kuti mawu asokonezeke panjira mpaka akafike kwa mwini wake. Iye ankaona ngati ndi zofunika ku mabanki ndi masitolo akuluakulu okha. "Ife ndi maloto chabe, azakhali."

"Maloto chabe! Wanga ndinali naye m'khitchini, wamoyo, akudya!"

Ndinamva foni ikusintha manja. Mawu okalamba, otsika, ngati munthu wongodzuka kumene.

"Zakiya, mwana wanga, ndine Inshirah. Sindikunamiza, loto lija linagwa m'manja oipa, ndipo mlandu ndi wa nyumba yanga. Koma Mulungu sanathe maloto. Akakutumizira lina, ubwere nalo kuno. Upeza pokhoma."

Masiku angapo atapita, kaloko kanaonekadi pamwamba pa tsambalo, kakang'ono, kotseka. Tahani anaimba yekha kundiuza kuti tsopano ngakhale Mitwalli atayang'anitsitsa mpaka maso kutuluka, aona phala la zilembo basi.

Njira inakonzeka, koma loto panalibe. Ndinayamba kugona masana aliwonse pa bedi la Basyuni, nkhope pa pilo wake, madiresi a anthu atangounjikana pa makina. Mayi wina wa mkwati anabwera kudzandilalatira, ndinamuuza kuti mwana wake akakwatiwe mu chinsalu cha pawindo. Ndinkalota, inde, koma zachabechabe. Mabatani akugwa ngati mvula. Afaf atakwera bulu pamwamba pa mzikiti. Sitima yodutsa m'chipinda mwanga yodzaza mavwende. Ndinkayenda m'maloto amenewo ngati munthu wofunafuna mwana pamsika, kusuzumira kuseri kwa chilichonse, kufunsa anthu opanda nkhope. Nthawi zina ndinkamva fungo la malaya ake pakona, ndikakhota n'kupeza palibe. Ndinkadzuka dzuwa litapendeka, mkamwa mowawa, ndili ndi mantha kuti mwina amene amwalira sabweranso kachiwiri.

Lero wabwera.

Ndadzuka mwakachetechete kuti lotolo lisatayike. Sindinamwe madzi, sindinayang'ane pawindo. Ndatsegula tsambalo, ndayang'ana kaloko, ndayang'ananso, ndipo ndalemba zonse ndi chala changa chimodzi chija. Zatsika pa waya wa Mitwalli, zadutsa pamphuno pake ali phee kumwa tiyi, zapita ku Tanta.

Afaf wabwera madzulo ano ndi mbale ya mpunga. Wangondiona nkhope n'kuika mbaleyo pansi.

"Achemwali, mwalota. Musandibisire, ndakuonani. Anali bwanji? Analankhula? Ndiuzeni pang'ono pokha, ine sindinena kanthu."

Ndam'bwezera mbale yake, ndam'kankhira panja, ndakhoma. Akugogodabe.

Nanunso amene mukumvera nkhaniyi, ndikudziwa mukufuna kumva ngati anali wonyowa kapena wouma, ngati anavala chiyani, ngati anaseka. Pepani. Mwina muli ndi mitima yabwino, Mitwalli nayenso ankati akundipepesa. Yankho libwera mawa masana. Kufikira nthawi imeneyo lotolo likuyandamabe, mwana wanga ali momwemo, ndipo sinditsegulira munthu chitseko.