Mizu Itatu ya Komfule

Mayi wina wosoka zovala analandira mizu itatu ya komfule, chitsamba cha mankhwala, kwa alamu ake, mlongo wa amuna ake, itakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa.

"Mukadzale kuseri kuja, mulamu," anatero iwo. "Masamba ake mukasinja n'kumanga pa bondo lanulo, mudzapalasa makina ngati mtsikana. Otsalawo ndi manyowa a matimati."

Bondolo linkamuzunzadi. Pofika masana mwendo unkakana, madiresi a eni ake ali mulu patebulo. Malo analiponso, pakati pa mpopi ndi mpanda, pomwe anazula anyezi.

Koma mwana wake wamkazi, namwino, atamva pafoni anachita kukuwa.

"Amayi, chimenecho n'chopaka basi! Munthu akamwa chimawononga chiwindi. Ndipo mukadzala sichichoka, kachidutswa ka muzu kamaphukanso. Mwawaiwala adadi?"

Sanawaiwale. Amuna ake anasiya kuyendetsa basi chifukwa cha chiwindi chomwecho, maso achikasu, mimba yotupa. Chitulukireni m'chipatala, tsamba lililonse lomwe amva kuti limachiza ankaliwiritsa m'kapoto kakuda n'kumwa mobisa. Mtengo wa mapeyala wa aneba unachita kuyera mbali imodzi.

Mizu ija inatha masiku anayi m'chidebe pansi pa sinki. M'mawa uliwonse mayiyo ankatenga khasu, n'kukaima pamalo paja. Ankaganiza zotchinga ndi waya, kapena kunama kuti ndi maluwa. Kenako ankabwezera khasu kuseri kwa chitseko.

Tsiku lachisanu anapeza amuna ake atagwada movutikira pasinki, akununkhiza muzu.

"Achemwali akuti ichi chimalumikiza ndi mafupa omwe," anatero bamboyo, nkhope itawala. "Nanga kachiwindi kangachikanike?"

"Chimapha chiwindi, bambo. Mwana wanu wanena."

"Mwana wanga amangoti dikirani, dikirani. Ndidikire chiyani, mayi? Kalipentala adzandiyeze?"

Anaseka okha. Mayiyo anawadzutsa powagwira m'khwapa, ndipo anadzidzimuka ndi kupepuka kwawo.

Masana omwewo anakulunganso mizuyo, ulendo wotsimphina kwa alamu ake.

"Ndiye mukuti ndimafuna kupha mlongo wanga?" anafunsa alamuwo ali pakhomo.

"Ayi, mulamu. Ndikuti sindingawalondere tsiku lonse. Ndili ndi maso awiri okha, ndipo ali pa singano."

Sanamupatse ndi mpando womwe.

Atafika kunyumba anapeza amuna ake atagona, atayang'ana kukhoma.

"Mwabweza?"

"Ndabweza."

"Chabwino. Nonse mwagwirizana."

Tsiku limenelo bamboyo anakana kudya. Mayiyo anakhala m'mphepete mwa bedi, mapilitsi a kuchipatala ali m'dzanja, kapu ya madzi ili pamwendo. Sanawanyengerere. Panapita nthawi ndithu bamboyo asanatambasule mkono chakumbuyo, osacheuka, n'kutsegula chikhatho.