Muinole Ngati Kumudzi

Lusekelo anaponya foni patebulo mpaka tiyi anakhavukira pansalu.

"Kwagwanji, bambo a Tasha?" anafunsa mkazi wake Atusaye, akumanga nsapato kuti athamangire sitima ya ku Midland, kumene ankasamalira okalamba.

"Taonani nokha."

Pafonipo panali chithunzi cha Kasonde, mnzake wa ku Zambia, akumwetulira pa chionetsero cha zinthu zakale. M'manja ananyamula nkhwangwa ya Akalinga, anthu a kumapiri a ku Philippines, yokhota kukamwa, ya nsonga yaitali kumbuyo, imene kale ankapita nayo kunkhondo. Pansi pake Kasonde analemba kuti anaikonza ndi manja ake.

Manja ake ati? Miyezi itatu yathunthu, akangotsika ndege kuchokera kumgodi, Lusekelo ankadzitsekera m'galaja yake ku Armadale, akuchotsa dzimbiri loipa ndi kathabwa kosongola, akuluka zingwe za pampini, akupaka phula. Chitsulo anachisiya chakuda momwemo, pakuti kudako ndiye ukalamba wake. Ntchito yonseyo anaigwira ulere, pachinzake. Ankangofuna dzina basi, kuti otolera nkhwangwa zakale mu mzinda wa Perth adziwe kuti kuli Mmalawi wa luso lotere. Dzinalo ndi limene Kasonde anadya.

"Mukamufunse bwinobwino," anatero Atusaye ali pakhomo.

"Sindimufunsa. Abwera yekha, ndipo adzandidziwa."

Anabweradi Loweruka, atakulunga kanthu m'thawulo.

"Mudala, nabweretsa ina," anatero Kasonde m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Iyi ni ya munthu wina, anaona chithunzi chija. Nifuna ikapye pa Sande ya sabata ya mawa."

Lusekelo anafunyulula thawulo. Inali yokongola kuposa yoyamba ija. Mpini unali wonyezimira chifukwa cha manja amene anaugwira zaka zambirimbiri, ndipo pachitsulo panali timizere tosemedwa, tooneka movutikira. Zala zinamuyabwa, koma mkwiyo unapambana.

"Lolemba ndikubwerera kumgodi, achimwene. Komanso inu si katswiri? Perth yonse ikudziwa."

Kasonde anaseka chamanyazi. "Zija zinali chabe zokamba. Niuzeniko ka njira, nizayesa neka."

"Njira yake iti? Nkhwangwa ndi nkhwangwa. Kwanu ku Chipata ikachita dzimbiri mumatani?"

"Timakwecha iwale, tinola, mpini ukakalamba tiikapo wina."

"Basitu. Muinole ngati kumudzi. Gilayinda yonolera ndi iyo, tengani."

Anamunyamulira yekha makinawo mpaka m'galimoto. Kumgodi sabata yonse ankagwira ntchito akuimba mluzu, moti anzake anamufunsa ngati wakwezedwa.

Atabwerako anamva zonse. Kasonde anaipala nkhwangwa ija mpaka inawala ngati supuni, timizere tonse tinapita. Mpini wakale anaudula n'kuutaya m'bini ya zinyalala, anaikapo wogula m'sitolo. Otolera nkhwangwa ataiona anamufunsa mafunso awiri okha, bodza lonse linayera. Tsopano mafoni ankalira kwa Lusekelo, atatu tsiku limodzi, onse ofuna amene anakonza yoyamba ija.

"Ndinakuuzani kuti adzandidziwa," anatero mokondwa, Atusaye atangolowa kuchokera kuntchito.

Atusaye sanaseke. Anakhala pampando osavula ngakhale nsapato.

"Mukumudziwa Debbie, mnzanga wa kuntchito? Uja anatibweretsera chakudya mlungu wonse Tasha atagonekedwa m'chipatala?"

"Wa ku Philippines uja? Ndimuiwala bwanji?"

"Ndi Mkalinga. Nkhwangwa yachiwiri ija inali ya agogo ake aamuna. Bambo ake anamupatsa asanamwalire, ndipo chakwawo chimene anali nacho kuno ndi chomwecho. Lero walira m'chipinda chosinthira zovala mpaka amutumiza kunyumba. Akuti timizere tija agogo ake anasema okha, kamzere kamodzi mwana akabadwa. Ka bambo ake kanali kachisanu."



"Anapereka kwa Kasonde, osati kwa ine," anatero Lusekelo motsitsa.

"Inde. Koma wandionetsa chithunzi chimene Kasonde anamutumizira ali mkati mokonza. Gilayinda ya tepi yofiira pachogwirira ija ndinakugulirani ndine."

Foni inaliranso patebulo, nambala yachilendo. Lusekelo anaiyang'ana mpaka inasiya yokha. Kenako anatenga makiyi a galimoto.

"Mukupita kuti?"

"Kwa Kasonde. Mwina mpini uja ukadali m'bini."

"Kwawo amatenga zinyalala Lachitatu," anatero Atusaye. "Lero ndi Lachinayi."

Lusekelo anaima pakhomo kanthawi, makiyi ali m'manja.

"Ndiye ndilozereni kwa Debbie," anatero. "Akamve kwa ine."