Siketi ya Séraphine

Atatsika mpaka pa mwala pomwe anabisa siketi m'mawa, anapeza palibe kanthu. Chigumukire cha chipale chofewa chochokera pamwamba pa phiri chinali chitasesa zonse.

Siketiyo inali ya Winifred Harcastle. Anali mwana wa mponda matiki wa ku Mangalande, ndipo ankakwera mapiri atavala thalauza, chinthu chomwe m'chigwa chathu nthawi imeneyo chinali malodza. N'chifukwa chake siketi ankaisiya pansi pa mwala, n'kuivala asanalowe m'mudzi. Séraphine Follonier, yemwe ankamunyamulira katundu kwa zaka zinayi, ankangokwera ndi siketi yake yokhayo yaubweya. Kuphiri, atamangana pachingwe chimodzi, ankasekana, ankamwera m'chikho chimodzi, ankakalipirana ngati apachibale. Kumunsi wina ankalowera khomo lakumaso kwa hotelo, wina lakukhitchini.

Winifred anati achimwene ake akamva zoti walowa m'hotelo ndi thalauza amubweza kwawo, mapiri athera pomwepo. Misozi inalengeza.

"Vulani thalauzalo, muvale siketi yangayi," anatero Séraphine. "Inu anthu akuyang'anani. Ine amandiona ndani?"

Koma bodza! M'mudzi mwathu ngakhale mawindo otseka amaona. Séraphine anadziwanso kuti Lamulungu lotsatira wansembe amayenera kulengeza kachitatu ukwati wake ndi Basile Pralong, mmisiri wa matabwa, komanso kuti amake Basile ankangofuna chifukwa chouthetsera. Anavulabe siketiyo, navala thalauzalo.

Anadutsa pachitsime dzuwa likadalipo. Amayi ochapa anasiya kuchapa. Wina anafunsa ngati kwa a Pralong akwatira mkazi kapena alemba woyendetsa ngolo, onse n'kufa nazo. Winifred anali patsogolo, mutu uli pansi, osacheuka. Sindimunena kuti anali woipa, ayi. Sankadziwa chabe kuti kwa osauka manyazi sachoka ndi sopo.

Lamulungu Séraphine anakhala pa benchi yake ya masiku onse, koma mbali zonse kunatsala malo. Wansembe analengeza za ubatizo, za ng'ombe yosochera, za denga lodontha, kenako anatseka buku osatchula za ukwati. Basile ankangoyang'ana chipewa chake. Potuluka anamudutsa Séraphine ngati mtengo, amake atamugwira mkono. Zinamupweteka mtsikanayo, ndipo analibe woti n'kumuuza.

Madzulo ake kunabwera uthenga kuchokera ku hotelo, woti mawa akwere phiri lina lomwe mkazi anali asanapondepo. Séraphine anauganizira nthawi yaitali ali yekha m'khola la mbuzi. Kenako anakapaka mafuta nsapato.

Ali pakati pa phiri, Winifred anatembenuka, nkhope ili ngwee.

"Lero wangoti duu bwanji, mnzanga? Ndiuze, ukwati liti? Ndakugulira nsalu yokongola."

Séraphine anayang'ana mfundo ya chingwe m'chiuno mwa Winifred, naimangitsa.

"Pondani bwino," anatero. "Apa n'poterera."